Penti Sameranso



Ndiyambe ndi kansalu. Tengani kansalu koyera kofewa, mudonthezepo polishi wa galimoto pang'ono, mupukute malo aang'ono ngati chikhatho pachitseko cha galimoto yakale yofiira, ya m'zaka za m'ma 1960. Mukakatembenuza mupeza kafiira psuu. Ambiri akaona zimenezi amakondwa, amati litsiro latuluka. Si litsiro ayi. Ndi penti weniweni wa galimotoyo, amene anapopera kufakitale zaka 60 zapitazo, ndipo tsopano ali m'manja mwanu. Pachitsekopo sabwererapo.

Kansalu kotere ndinakaona koyamba ndili mnyamata, pakhomo pa amalume anga ku Limbe. Anali ndi Peugeot 404 yofiira, mtundu uja anayamba kupanga ku France mu 1960, wa thupi lojambulidwa ndi kampani ya Pininfarina ya ku Italy. Loweruka lililonse ankaikankhira pamthunzi n'kuitsuka okha, mwana osaloledwa kugwira. Tsiku limene anandipatsa kansalu ndinapukuta ndi mphamvu zanga zonse kuti aone kuti ndakula. Iwo anandigwira dzanja n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mphwanga, pang'onopang'ono. Penti si udzu, sameranso." Nkhani ya amalume ndibwereranso, chifukwa mawu awowo sindinawamve tsiku limenelo. Ndinadzawamva patapita zaka.

Tiyeni tiwoloke nyanja kaye. Chaka chilichonse mwezi wa Ogasiti, ku California m'dziko la America, pamalo otchedwa Pebble Beach, pamachitika chionetsero cha magalimoto akale chimene chinayamba mu 1950. Magalimoto pafupifupi 200 amawandandalika pakapinga wa bwalo la gofu, nyanja ya Pacific ili poteropo. Amalowa pabwalopo kusanache, nkhungu ya kunyanja idakali tolo, ndipo dzuwa likamatuluka mupeza anthu atagwada pambali pa galimoto zawo, tinsalu kumanja, akuchotsa mame dontho ndi dontho oweruza asanafike. Ku Italy, m'mbali mwa nyanja ya Como, kuli chionetsero china cha pa Villa d'Este, chakale kuposa cha ku Pebble Beach, chinayamba mu 1929. Kufupi ndi kuno, ku South Africa, eni magalimoto akale amasonkhana pa Zwartkops pafupi ndi Pretoria. Konseku, chimene diso limayamba kuona galimoto isanalize n'komwe injini ndi penti.

Nanga kunyezimira n'chiyani kwenikweni? Amene munapitako kunyanja m'mamawa kopanda mphepo mukudziwa. Madzi akangoti bata, mapiri ndi mitambo zimaoneka m'madzimo ngati pakalilole. Kukangodutsa kamphepo, chithunzi chonse chimasweka. Madzi ndi omwewo, chasintha ndi pamwamba pokha. Penti nayenso ndi chimodzimodzi. Pamwamba pake pakakhala posalala, kuwala kumabwerera m'maso mwanu mwadongosolo ndipo mumadziona nkhope. Pakakhala timikwingwirima ndi timaenje tosaoneka ndi maso, kuwala kumamwazika, galimoto n'kumaoneka yotuwa. Tsono kuti pasalale pali njira imodzi yokha yokhalitsa: kutsitsa pamwamba ponse mpaka pafanane ndi pansi pa kamkwingwirima kaja. Kamkwingwirima sikachotsedwa, amachotsedwa ndi penti wozungulira. Polishi ali ndi timchenga tosalala kwambiri m'kati mwake, ndipo ntchito yake ndi kupala.

Ndiye funso limene mmisiri wabwino amayamba nalo ndi lakuti, kodi penti alipo wochuluka bwanji? Kukhuthala kwa penti amakuyeza m'mamaikuloni. Mukagawa milimita imodzi ka 1,000, gawo limodzi ndiye maikuloni. Tsitsi la munthu ndi mamaikuloni pafupifupi 70. Galimoto ya masiku ano yochokera kufakitale, penti wake yense, kuyambira pulayima wapansi mpaka kiliya wapamwamba, nthawi zambiri amakhala pakati pa 100 ndi 150. Kiliya yekha, amene ndiye mumapukutayo, amakhala 40 kapena 50, osakwana n'komwe tsitsi limodzi. Galimoto yakale imene yakhala ikupukutidwa chaka ndi chaka kuyambira nthawi ya agogo, yatsala ndi wochepa kuposa pamenepa, makamaka padenga, paboneti ndi pamisana ya madigadi, pamene dzuwa ndi dzanja zimafika kawirikawiri. Pali kamakina kakang'ono ngati foni kamene amakhudzitsa pathupi la galimoto, n'kuonetsa nambala. Mmisiri wosamala amayeza malo ambirimbiri n'kulemba papepala asanatsegule botolo lililonse. Nambala ikakwera mwadzidzidzi kufika mazanamazana, amadziwa kuti pamenepo panapentedwanso, kapena pali fila pansi. Wopanda kamakinako amakulunga maginito m'kansalu n'kuyendetsa pathupi la chitsulo. Pamene maginito akukana kugwira, pali nkhani.

Chachiwiri n'kudziwa mtundu wa penti, pakuti galimoto iliyonse inabadwa ndi penti wa nthawi yake. Magalimoto oyambirira ankawapenta ndi bulashi, monga ankachitira ndi ngolo zokokedwa ndi akavalo: kupaka, kudikira kuti aume, kupala, kupakanso, pamapeto vanishi. Galimoto imodzi inkatha milungu ili m'chipinda choumitsira. Henry Ford, kuyambira 1914 mpaka 1925, ankagulitsa Model T yakuda yokha, penti wake wotsika mtengo ndi wolimba, woumitsira mu uvuni. Zinthu zinasintha pamene kampani ya DuPont inatulutsa penti wopopera wotchedwa Duco, amene General Motors inamuika pa galimoto za Oakland za 1924, zamtundu wobiriwira ngati thambo. Penti ameneyu ankauma m'maola ochepa, koma ankauma wosawala. Kuti anyezimire ankayenera kumupala ndi kumupukuta. Mungathe kunena kuti ntchito tikukambayi inakula limodzi ndi penti ameneyu. Zaka zochepa m'mbuyo mwake, mu 1921, kampani ya 3M inali itayamba kugulitsa sandipepa wosaopa madzi, nzeru ya munthu wina wa ku Philadelphia dzina lake Francis Okie. Kupala ndi madzi kunachepetsa fumbi limene opala ankapuma, ndipo fumbi la penti wa nthawi imeneyo linali ndi mtovu, poizoni woopsa. Izi n'zofunika kuzikumbukira mpaka lero: wopala penti wakale pouma, wopanda chotseka pamphuno, akudzipweteka.

Penti wa mtundu wa Duco uja ali ndi khalidwe lake. Ngakhale patapita zaka zambiri, thinazi akamugwera amasungunuka. Akakalamba amang'aluka timizere ngati dothi la m'dambo m'chilimwe, ndipo timing'alu timeneti timafika mpaka pansi, moti palibe polishi amene angatichotse. Pambuyo pake panabwera penti wa enamelo, amene amauma ali wowala kale, ndipo magalimoto ambiri a ku Ulaya a m'ma 1950 ndi 1960 anatuluka ndi wotere. Mitundu yonseyi ndi ya chovala chimodzi: mtundu ndi kuwala zili pamodzi, n'chifukwa chake kansalu kamafiira. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kulowa m'ma 1980, mafakitale anasamukira ku njira ya masiku anoyi, yopopera mtundu kenaka n'kuvundikira ndi kiliya. Mukapukuta galimoto yotere kansalu sikasintha mtundu. Kakasintha, ndiye kuti mwaboola kale.

Pali msampha wina pa penti wakale wa siliva kapena wagolide, uja wokhala ndi tizitsulo tonyezimira m'kati. Ngati alibe kiliya pamwamba, tizitsuloto tili pamtunda penipeni. Mukamupala ndi sandipepa mumatidula, ndipo pamatuluka mawangamawanga amene sadzachokanso. Penti wotere amangomusisita mofatsa, n'kumusiya.

Tsopano ntchito yeniyeni. Imayamba ndi madzi, ndipo zokanda zambiri zimene mumaziona pagalimoto zathu zinabwera ndi otsuka, osati minga ya m'njira. Ndowa imodzi, chiguduli chimodzi, sopo wa ufa wochapira zovala, dzuwa lili paliwombo, kuyambira kumatayala kukwera kudenga: mchenga umene chiguduli chatola pansi umayenda thupi lonse. Okonzekera chionetsero amatsukira pamthunzi, chitsulo chitazizira. Amayamba athira madzi ambiri kuti fumbi litsike lokha. Amakhala ndi ndowa ziwiri, ina ya sopo wa galimoto, ina yotsukuluzira nsalu isanabwerere m'sopo. Amayambira pamwamba kutsika, ndipo nsalu ya matayala siifika pathupi. Nsalu ikagwa pansi ntchito yake yatha tsiku limenelo.

Galimoto ikauma, lowetsani dzanja m'kajumbo kopyapyala, muyendetse zala paboneti. Mumva timiyala timene maso sakuona ndiponso dzanja lopanda kanthu silimva: utomoni wa mitengo, phula la pamsewu, tizitsulo ta mabuleki. Zimenezi amazichotsa ndi dongo lapadera lopangidwa kufakitale, nzeru yochokera ku Japan, lofewa ngati chingamu. Amanyowetsa pathupi ndi madzi oterera, n'kuliyendetsa mopepuka, kulipinda pafupipafupi kuti mbali yoyera ikhale kunja. Penti wakale wouma, uja amatuwa ngati choko, makamaka wofiira amene dzuwa limamudya msanga, ambiri amayamba amudyetsa mafuta. Pali mankhwala amafuta opanda mchenga, monga aja a kampani ya Meguiar's, imene inayamba mu 1901 ndi polishi wa mipando. Amapaka mokwanira, kusiya usiku wonse, m'mawa n'kupukuta. Kawirikawiri mtundu umabwerera ndithu, penti wochoka ali wochepa zedi.

Akatero samathamangira galimoto yonse. Amamata tepi pakamalo kamodzi kosaonekera kwambiri, n'kuyesa polishi wofewetsetsa amene ali naye. Akakwanira ameneyo, basi, wamphamvu uja amabwerera pashelefu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Galimoto imene yapentedwa mwatsopano pokonzekera chionetsero ili ndi ulendo wina. Opopera amaika dala kiliya wochuluka, podziwa kuti wina adzapalidwa. Koma penti asanafike, ntchito yaikulu ili pansi. Amapopera kautoto kakuda kopyapyala pamwamba pa pulayima, n'kupala ndi thabwa lalitali lokutidwa sandipepa. Pamene kakuda katsalira, pamenepo m'polowa. Amakonza, kupoperanso, kupalanso, mwina kangapo. Kunyezimira sikubisa chilema, kumachiulula, ndipo penti wakuda ndiye mboni yosanyengerera: kabampu kakang'ono pachitseko kamapinda chithunzi cha mtengo wowongoka n'kukhala ngati njoka. Ndipo pansi pakakhala dzimbiri longophimbidwa ndi fila, chikomekome cha mkuyu chimenecho, dzinja limodzi kapena awiri matuza ayamba kutuluka.

Penti wopopera akauma sakhala wosalala kwenikweni. Mukamuyang'ana chapambali amaoneka ngati khungu la lalanje. Kuti likhale galasi amamupala ndi sandipepa wamadzi. Nambala ya sandipepa ikamakwera, mchenga wake umachepa: ambiri amayamba ndi 1500, kenaka 2000, n'kumalizira 3000. Pepalalo amayamba aliviika m'madzi kuti lifewe, n'kulikulunga pakachidutswa ka labala. Sapala ndi zala zokha, chifukwa chala chilichonse chimakumba kanjira kake. Madzi amayenderera nthawi yonse. Wopala amagwira ntchito ndi khutu lomwe: akamva kakulira kakuti tswii, amaima pompo, chifukwa kamchenga kalowa pansi pa pepala ndipo kakulemba mzere wozama. Akapala kangapo amakokolola madzi ndi labala n'kuyang'ana. Pamene papalika pamatuwa, pamene sipanafikidwe pamatsala timadontho tonyezimira. Timadontho tikatha, amaleka. Sawonjezera ngakhale kamodzi kongofuna kutsimikiza.

Mwini galimoto akalowa m'galaja pa nthawi imeneyi mtima umamuthawa. Galimoto imene dzulo inkawala yangoti mbuu, ngati aithira ufa. Koma pansi pa kutuwako, pamwamba pasalala kale. Chatsala ndi kuchotsa mikwingwirima ya sandipepa ndi ina yocheperapo, kenaka yocheperapo, mpaka diso lilephere kuiona.

Apa ndiye pamalowa makina. Akale, amene amangozungulira mbali imodzi, amawaveka chipewa cha ubweya wa nkhosa n'kupaka polishi wokakala uja amati kompaundi. Amadya msanga, komanso amatenthetsa. Wodziwa amagwira kamalo kakang'ono nthawi imodzi, sasiya makina pamalo amodzi, ndipo amakhudza pafupipafupi ndi kuseri kwa dzanja kuti amve kutentha. Mphepete zonse, ngodya za zitseko, misana ya madigadi, amazimata tepi, chifukwa penti akamapoperedwa amathawa pamsana n'kutsala wopyapyala, pamene makina akafika pamsana amakanikiza malo ochepa ndi mphamvu yonse.

Zimenezi ndinaziphunzira pagalimoto ya amalume. Mlongo wanga ankakwatiwa, ndipo amalume anavomera kuti Peugeot ija idzanyamule mkwatibwi. Ine ndinali nditakula, ndikugwira ntchito, ndipo ndinafuna kuti tsikulo galimoto idzaonekere patali. Ndinabwereka makina kwa mnzanga, n'kuyamba Lachinayi madzulo amalume atachokapo. Boneti inatuluka bwino, yofiira ngati phwetekere wakupsa, moti ndinkaona masamba a mtengo wa mango m'katimo. Mtima unakoma. Ndinafika pamsana wa madigadi wakumanja, pamene panali kamkwingwirima kakale, ndipo ndinati ndikachotse. Ndinapendeketsa makina pang'ono kuti adye bwino. Sipanathe nthawi yoti munthu n'kumeza malovu. Nditachotsa makina panali kamzere kotuwa, kotalika ngati chala, pulayima ali pamtunda.

Amalume atabwera anaima nthawi yaitali osayankhula. Anayendetsa chala chachikulu pakamzerepo kawiri, n'kufunsa kuti, "Unkafuna kuchotsa chiyani pamenepa, mphwanga?" Ndinawaonetsa pamene panali kamkwingwirima. Anati, "Aka? Anakanda ndi mayi ako aang'ono ndi dengu, chaka chimene tinapita kumudzi kukakolola. Ine ndinkakadziwa." Sanakalipe. Koma ndinazindikira kuti ndachotsa zinthu ziwiri tsiku limodzi, ndipo zonse zinali zosabwezeka.

Masiku ano kuli makina ena amene amazungulira akunjenjemera, osakhazikika malo amodzi. Satenthetsa kwambiri, ndipo wophunzira ayambe ndi amenewa. Ndi amenenso ambiri amamalizira ntchito, atawaveka siponji yofewa ndi polishi wosalala, pofuna kuchotsa timizere tozungulira timene ubweya uja umasiya. Timizere timeneti m'galaja sitioneka. Tulutsani galimoto padzuwa, muona ngati kangaude walukapo ukonde mozungulira chithunzi cha dzuwa. N'chifukwa chake amisiri amayenda ndi tochi yowala kwambiri, kuunika chapambali, kuwerama, kusuzumira kuchokera uku ndi uku. Palinso chinyengo chimene polishi amachita yekha: mafuta ake amadzaza timikwingwirima n'kutibisa, galimoto n'kuoneka yatha, koma ikatsukidwa kawiri tonse tabwerera. Mmisiri woona amapukuta malowo ndi spiriti wosungunula ndi madzi kuti mafuta achoke, aone chimene wachitadi.

Pomaliza pamabwera phula lotetezera. Lotchuka pakati pa okonda magalimoto akale limachokera ku mtengo wa carnauba, wamtundu wa mgwalangwa, umene umamera kumpoto chakummawa kwa Brazil, m'madera ngati Ceará ndi Piauí. Mtengowu umakuta masamba ake ndi phula kuti asaume ndi dzuwa. Alimi amadula masambawo, kuwayanika, kuwapuntha kuti ufa wa phula uyoyoke, n'kuusungunula. Phula la njuchi limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64, pamene la carnauba limapirira mpaka kupitirira 80, ndipo amene munagwirapo denga la galimoto yakuda masana a Okutobala mukudziwa chifukwa chake zimenezi zili zofunika. Palokha ndi lolimba ngati mwala, choncho amalisakaniza ndi mafuta kuti lipakike. Amapaka mopyapyala kwambiri, kudikira kuti lichite mbuu, n'kupukuta. Kupaka lambiri sikuwonjezera kuwala, kumangovutitsa pochotsa. Ndipo penti watsopano samuthamangira ndi phula. Opanga penti ambiri amalangiza kudikira mwezi kapena kuposerapo, kuti mankhwala osungunulira amene ali m'kati ayambe atuluka.

Tsiku la chionetsero likayandikira, ntchito imatsikira ku tinthu tating'ono. Phula louma loyera limene latsalira m'mbali mwa zilembo za dzina la galimoto amalichotsa ndi kabulashi kofewa kapena kathonje ka m'khutu. Amatsegula zitseko n'kupukuta m'mafelemu, kunsi kwa boneti, m'kati mwa kachitseko ka petulo, chifukwa oweruza amasuzumira momwemo. Pabwalo penipeni, fumbi likagwa, salipukuta pouma. Amapoperapo timadzi toterera n'kulinyamula ndi nsalu yoyera, mbali imodzi kamodzi.

Tsono mvetserani chimene chimadabwitsa ambiri. Oweruza a zionetsero zikuluzikulu safuna galimoto yowala kuposa zonse. Amafuna galimoto yoona. Amafunsa ngati mtunduwo unalipo chaka chimene galimoto inapangidwa, ndiponso ngati maonekedwe a pentiyo akufanana ndi mmene inatulukira kwa oipanga. Galimoto wamba ya m'ma 1960 inkatuluka kufakitale ndi kakhungu ka lalanje pang'ono. Munthu akaipala mpaka kukhala galasi, n'kupukuta ngakhale zitsulo za pansi zimene fakitale inkangozipaka penti wakuda wosawala, m'mipikisano yambiri amamuchotsera mapointi chifukwa chokonza mopitiriza. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Bungwe la padziko lonse loona za magalimoto akale, FIVA, limene limawerenga galimoto kukhala yakale ikakwanitsa zaka 30, linakhazikitsa mfundo zake m'chikalata chotchedwa Charter of Turin, chimene chinayamba kugwira ntchito mu 2013. Mtima wa chikalatacho ndi wakuti zimene galimoto inabadwa nazo, ndi zizindikiro za moyo umene yakhala, zisungidwe pamene zingasungike.

Kwa zaka zambiri, mphoto yaikulu ya ku Pebble Beach inkapita kwa galimoto zomasulidwa mpaka bawuti yomaliza n'kumangidwanso, penti watsopano waliwali. Mu 2024 zinatembenuka. Inapambana ndi Bugatti Type 59 ya 1934, ya Fritz Burkard wa ku Switzerland. Galimoto imeneyi inayamba ngati ya mpikisano wa liwiro, kenaka inakhala ya Mfumu Leopold III ya ku Belgium, ndipo idakali ndi penti wakuda wa mzere wachikasu wa m'nthawi ya mfumuyo. Penti wake ndi wothetheka, wokandika, wokhala ndi zipsera za timiyala ta m'misewu. Inali nthawi yoyamba m'mbiri ya chionetserocho kuti galimoto ya m'gulu la zosungidwa mmene zilili itenge mphoto yaikulu. Ine nditamva nkhaniyi ndinakondwa kuchokera pansi pamtima. Taganizani manja onse amene anagwira galimoto imeneyo pa zaka zoposa 80, aliyense ali ndi mpata woipala ndi kuipentanso, aliyense n'kudziletsa. Ntchito yosamala penti wotereyo ndi yovuta kuposa kupukuta watsopano: kutsuka ndi madzi ochepa, kusisita ndi dzanja osati makina, kuteteza pamene pathetheka kuti dzimbiri lisalowe, kusiya pamene pakufuna kusiyidwa.

Sindikunena kuti kupentanso n'kulakwa. Galimoto imene dzimbiri laidya, kapena imene inapentedwa kale kangapo ndi manja osadziwa, ilibe penti woyambirira woti n'kusunga, ndipo mmisiri woibwezera ulemerero wake ayenera kulemekezedwa. Ndaonapo amisiri athu m'magalaja a m'tauni akuwongola chitseko ndi hamala ndi diso lokha, n'kuchisalaza moti simungaloze pamene panagundidwa. Chimene ndikupempha n'chakuti nawonso adzisamale: penti wa masiku ano wosakaniza ndi hadena ali ndi mankhwala owononga mapapo, ndipo kansalu komanga pamphuno sikatchinga kanthu. Koma ngati kuseri kwa nyumba yanu kuli Peugeot, Datsun, Morris Minor kapena kamba uja wa Volkswagen, ndipo penti wake ndi womwe uja wa kufakitale, musafulumire. Ichotseni pansi pa mtengo, pakuti zitosi za mbalame ndi utomoni zimadya penti m'masiku ochepa dzuwa likamawomba. Musaifunditse pulasitiki, amasunga chinyezi ndipo mphepo ikamamugwedeza amakanda. Itsukeni bwino, muyese kamalo kamodzi ndi dzanja, muone kansalu kanu kakuuzani chiyani.

Za Peugeot ija, Lachisanu m'mawa amalume anaitanitsa bambo wina wachikulire amene anagwira ntchito yopenta magalimoto moyo wake wonse. Anabwera wapansi, atanyamula kachitini ndi kabulashi kojambulira kocheperapo kuposa chikuni cha machesi. Anasakaniza wofiira wake pachivundikiro, kudontheza wakuda pang'ono, kuyerekeza padzuwa, kudonthezanso, chifukwa wofiira wa zaka zambiri safanana ndi wa m'chitini. Ine ndinafunsa kuti, "Bambo, sitingangopopera madigadi yonse?" Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanawe, tikapopera pano, chitseko chioneka chachilendo. Tikapopera chitseko, denga lidandaula. Tiyeni titseke bala lokhali." Anadontheza penti m'kamzeremo osapaka, kungokhudza, n'kukhala pansi kudikira. Masana anadonthezanso. Madzulo kachitatu.

Loweruka galimoto inanyamula mkwatibwi, maliboni oyera atamangidwa kuchokera pagalasi kufika pamphuno, amayi akululutira m'mbali mwa msewu. Palibe mlendo amene anaona kanthu. Koma ukaima chakumanja dzuwa likupendeka, kamzere kaja kankaoneka, kakuderako pang'ono kuposa penti wozungulira. Amalume anakhala nayo galimotoyo zaka zina zambiri. Loweruka lililonse ankaikankhira pamthunzi, ndipo tsopano ankandipatsa ndowa yachiwiri kuti ndiwagwirire. Akafika pamadigadi wakumanja ankapinda kansalu kanayi, n'kudutsapo kamodzi kokha, mopepuka, kenaka n'kupita pachitseko.